Silikoni woumba ngati dongo uja, amagwira pa ndowa?

WakuMpondasi:
Abale ndithandizeni nzeru. Alamu anga abwera kuchokera ku Joni andipatsa timapaketi titatu ta Sugru, akuti ndi silikoni woumba ndi manja ngati dongo, akauma amakhala ngati labala. Ndili ndi ndowa yang'ambika kunsi, chaja ya foni yasupuka pakhosi mpaka mawaya akuoneka, ndiye pali chivindikiro cha poto chinathothoka chogwirira timangochitukula ndi mpeni. Timapaketito nditating'ono ngati switi, ndiyambire pati?

Fundi_wa_mafoni:
Achemwali za ndowazo iwalani kaye. Itembenuzeni muone kunsi, mukapeza kachizindikiro ka makona atatu kolembedwa 5 kapena 2 ndiye kuti ndi pulasitiki wa PP kapena PE, silikoni sagwira pamenepo olo mupake bwanji, amangomatuka yekha. Pitani nayo kumsika kwa owotcherera aja.

Chaja ndiye ntchito yake yeniyeni. Pukutani waya ndi sipiriti achoke mafuta, kanyani silikoniyo m'zala mpaka afewe, muzungulize kuyambira pamutu pa chaja kutsika cha kuwaya, kumutu kukhale konenepa kumapeto kopyapyala ngati karoti. Mukafuna kusalaza nyowetsani chala m'madzi a sopo. Muli ndi mphindi 30 zokha musanamve akulimba, kenako isiyeni maola 24 osaigwira, ana muwauziretu. Koma chonde ndi za waya wa USB basi, wa 5V. Pa waya wa ayironi kapena ekisitenshoni yolowa kukhoma musayerekeze.

Anganga_aNamwera:
Chivindikirocho chitheka mwanawe, Sugru amapirira kutentha mpaka madigiri 180, nthunzi ya mpunga siimuopsa. Changa ndinaumba kampira pa bauti yomwe inatsala pamwamba paja, mpaka lero ndikugwirira pomwepo. Kungoti asakhudze lawi la mbaula, ndipo mkati mwa kapu kapena mbale momwe mukhala chakudya musamatemo.

Ndipo musatsegule paketi musanakonzeke. Ine ndinatsegula, kudula theka, linalo nkukulunga m'pepala ati ndizagwiritsa mawa, mawa lake ndinapeza chofufutira cha mwana wasukulu kkkk. Amauma ndi chinyezi cha mumpweya, nanga kunyanja kuno chinyezi nchosowa? Otsalawo ikani mu filiji ngati muli nayo, kutentha kwa Okutobala kwathu kuno kumawakalambitsa msanga.

Che_Malindi:
Akatha atatuwo musadandaule, ine ndimapanga ndekha. Gulani silikoni wa mu chubu ku hadiweya, uja omatira magalasi a mawindo onunkha ngati viniga, musakanize ndi cornflour (sitachi wa chimanga, osati ufa wa nsima) pang'onopang'ono mpaka asiye kumata m'manja. Pangirani panja chifukwa fungo lake limalowa mpaka m'maso, ndipo konzekanitu poti ameneyu sachedwa kuuma, ufa ukachuluka mumangoona wagwira musanamalize kuumba. Ndinaikira timiyendo kunsi kwa kula bokosi yonyamulira chambo, inasiya kutsetsereka pa keliyala ya njinga. Pa mawaya osupuka ameneyu ayi, asidi wake amadya kopa. Komanso osasokoneza ndi Pratley Putty, uja amauma gwa ngati mwala, pa chaja angakuthyolereni waya.

WakuMpondasi:
Zikomo nonse. Ndayang'ana kunsi kwa ndowa palembedwadi 5, Loweruka ipita kumsika. Chaja ndaimata ili pamwamba pa kabati komwe ana safika, foni ndikutchajira kwa aneba mpaka mawa madzulo.