Mng'ono wanga anachekeka ndi galasi pamkono, ndinalakwitsa pati?

Mayi_a_Awiri:
Abale ndithandizeni nzeru. Dzulo mng'ono wanga amakankha windo, galasi linasweka n'kumucheka pamkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Magazi amangotuluka, ine kunjenjemera, ndinatenga tawulo n'kuika pabalapo koma mphindi iliyonse ndimachotsa kuti ndione ngati asiya, kenako ndinamanga chingwe cha nsapato m'mwamba mwa bala. Kuchipatala amusoka, ali bwino, koma anesi anandiuza kuti chingwecho chikanamupweteka. Nanga ndikanatani? Usiku wonse sindinagone, ndikufuna tsiku lina ndisadzasokonezeke chonchi.

NesiWausiku:
Pepani mayi, mantha amenewo aliyense amamugwira. Vuto lalikulu linali kusuzumirako. Magazi amafuna mpata kuti aundane, ndiye mukangonyamula tawulo mwasokoneza zomwe zinayamba kugwirana, amayambiranso. Mukhazikeni pansi kapena agone, ikani nsalu yoyera pabalapo, kanikizani mwamphamvu ndithu ndi chikhatho kwa mphindi 10 mpaka 15 osachotsa dzanja, yang'anani pa foni chifukwa mukamachita mantha mphindi 2 zimaoneka ngati ola. Nsalu ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina pamwamba n'kupitiriza kukanikiza. Mkono aukweze kupitirira pamtima ngati sunathyoke. Ngati palibe magolovesi valani jumbo kumanja. Mphete, wotchi ndi zibangiri avule msanga mkono usanatupe.

Chingwe cha nsapato n'chowonda, chimadula khungu ndi kufinya minyewa, komanso nthawi zambiri chimangotseka mitsempha yobweza magazi kumtima pomwe yobweretsa ikupopabe, ndiye bala limatulutsa magazi ambiri kuposa poyamba.

Dalaiva_77:
Ine anatiphunzitsa kumanga tourniquet (nsalu kapena lamba womanga mothina m'mwamba mwa bala kuti magazi asiye kutuluka) pa maphunziro a first aid, ndiye mukuti osamanga eti?

NesiWausiku:
Ayi achimwene, ili ndi nthawi yake. Gawo limenelo la mkono muli mitsempha ikuluikulu 2 yobweretsa magazi kuchokera kumtima, wina mbali ya chala chachikulu (pomwe timagwira pomva kugunda kwa mtima) wina mbali ya kachala kakang'ono. Ikaduka imeneyo magazi amakhala ofiira kwambiri ndipo amathovoka motsatira kugunda kwa mtima. Pamenepo ngati mwakanikiza koma sakusiya, mangani. Nsalu ikhale yotambalala masentimita 5, imangidwe masentimita 5 mpaka 7 m'mwamba mwa bala, osati pachigongono penipeni, lowetsani kamtengo kolimba n'kupotokola mpaka magazi asiye. Zimawawa kwambiri, adzalira, koma musamasule, omasula ndi achipatala. Lembani nthawi yomwe mwamanga ngakhale pamkono pake pomwepo. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 okha, ndiye wina aziimba foni kapena kufuna galimoto inu mukukanikiza, osadikira.

Agogo_aTiya:
Mwanangu wachita bwino kufunsa. Ine ndiwonjezere ziwiri zomwe zimandiwawa mtima ndikaziona. Ngati chidutswa cha galasi chatsalira m'balamo osachizula, mwina ndi chomwecho chatseka mtsempha, ikani nsalu uku ndi uku n'kukanikiza m'mbali mwake. China, osathira phulusa, dothi kapena mankhwala otsukira mano pabala, mukungolowetsa matenda ndipo adokotala amavutika potsuka. Mufunsenso za katemera wa kafumbata ngati papita zaka zoposa 5 asanabayidwe.

Mayi_a_Awiri:
Zikomo nonse, jakisoni wa kafumbata anamubaya dzulo lomwelo. Koma lero akuti kachala kakang'ono kachita dzanzi, bandeji yathina kapena?

NesiWausiku:
Tsinani chikhadabo chake, chikayera chibwerere kufiira m'masekondi 2. Ngati zala zazizira kapena zatuwa ndiye bandeji yathinadi, imasuleni pang'ono. Koma dzanzi la chala chimodzi chokha litha kukhala kuti galasi linakhudza mtsempha wa ubongo wopita kuchala chimenecho, ndiye mubwerere naye kuchipatala lero lomwe, akamuone ngati zala zonse zikupinda bwino.