Thandizeni, mawotchi a mu ndege akundisocheretsa

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinayamba kuulutsa ndege pa kompyuta mwezi wathawu. Kudawunilodi kokha kunandidyera bandulo ya mwezi wonse, magetsi anazima kawiri ndili pakati, kenako alamu anga amene tikuwasunga anakhuthulira tiyi pa joystick, kandodo kowongolera ndegeyo, osapepesa n'komwe. Mayi akunyumba akuti ndabwerera ku umwana. Vuto langa ndi ili: ndikanyamuka ku Chileka kulowera ku Lilongwe, pakatha theka la ola ndimapezeka ndalowera kwina, chonsecho muvi ndautsata bwinobwino. Wina pa YouTube amawatchula mawotchi a mu ndegewa kuti steam gauges. Ndiye amayendera nthunzi? Kapena nthunziyo ndi imene ikundithera?

Kaputeni Six Pack: Palibe nthunzi apa achimwene! Dzinalo anawapatsa chifukwa amafanana ndi mawotchi a sitima zakale za malasha. Ife timati six pack poti alipo 6. Mzere wapamwamba: la liwiro, loonetsa m'mene ndege yapendekera, ndi altimeter yoonetsa kutalika kumene mwakwera. Pansi pali la pokhota, lolozera komwe mwalunjika, ndi loonetsa ngati mukukwera kapena kutsika. Amene sanaphunzirire pamenepo asamati amaulutsa ndege.

Make Tadala: Bambo, ndi ndege yanji, nanga pulogalamu yake ndi iti? Simunanene.

Mnyamata wa G1000: Kudzivutitsa bwanji? Garmin G1000, mawotchi a pa sikirini, ilipo kuyambira 2004. Sikirini ziwiri, njira yonse ikuoneka pa mapu, basi.

Kaputeni Six Pack: Iwe, tsiku limene sikirini idzazime udzalira amako. Ukudziwa kuti ngakhale ndege ya Cessna 172 ya G1000 anaisiyira mawotchi apadera pansi pa sikirinizo? Unafunsapo chifukwa chake?

Mnyamata wa G1000: Nanga anuwo safa? Vacuum pump, pampu ya mpweya yoyendetsa ena mwa mawotchiwo, ikafa, mawotchi awiri mwa 6 aja amayamba kunama mwakachetechete. Bola sikirini imakulembera X wofiira.

Angoni a ku Ntcheu: Ine zinandionekera ndi altimeter. Ndinaisiya pa 29.92, muyeso wa kupanikizika kwa mpweya, nyengo itasintha, m'mitambo ndinakawomba phiri la Zomba ulendo wa ola lathunthu utatsala pang'ono kutha. Ndinagona osadya. Tsopano ndisananyamuke ku Lilongwe ndimaonetsetsa kuti ikuwerenga mafiti pafupifupi 4,000, kutalika kwa bwalolo kuchokera pa nyanja. Pa Microsoft Flight Simulator mungodina batani la B, idzikonza yokha.

Aunt Nachisale: Alamuwo agule joystick ina. Kusunga munthu si kuti azikuonongerani katundu.

Kaputeni Six Pack: Za alamu zisiyeni mayi, pano tikukamba za ndege. Ndimati, mawotchi atatu amadalira mpweya wa pitot ndi static, timabowo tolowetsa mpweya wa kunja, ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti kachubu ka pitot kali pansi pa phiko.

Make Tadala: A Kaputeni, munthuyu akusochera, simunamuyankhe. Bambo, wotchi yolozera njira ili ndi gyro, kagudumu kozungulira mwaliwiro, mkati, ndipo imasuntha yokha pang'onopang'ono. Mphindi 15 zilizonse, ndege ikuuluka mowongoka, muziifananitsa ndi kampasi ili pamwamba pa galasi ija, n'kupotokola kachitsulo kake. Pa Microsoft Flight Simulator, batani la D limachita zomwezo. Mphepo ya m'mbali nayonso imakankha ndege muvi uli pomwepo.

Kaputeni Six Pack: Kudina D ndi ulesi. Potokolani ndi dzanja ngati mwamuna.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Aunt Nachisale, alamuwo akuti tiyi anatayika yekha, ndipo mayi akunyumba ali mbali yawo. Kampasiyo ndiyang'ana usiku uno magetsi akabwera.

Make Tadala: Ndege yanji, bambo?