Ndalama ya chipilala yafika, koma kaye za mjigo zija

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Achemwali athu a ku Joni atumiza K800,000 pa Mukuru. Akuti timange kachipilala kokumbukira mayi Wangari Maathai a ku Kenya, pambali pake tiike nazale ya mitengo, kuseri kwa sukulu kumene kunagumuka ndi namondwe wa Freddy kuja. Timve maganizo anu.

Ankolo a ku Chitakale: Ndalamayo ili m'manja mwa ndani?

Mlembi: Mwa asungichuma, ankolo.

Ankolo a ku Chitakale: Basi, yapita imeneyo.

Achemwali a ku Joni: Ankolo, tandimvani kaye. Mayi amenewa ndi amene anali mkazi woyamba kum'mawa ndi pakati pa Africa kupata digiri ya PhD, mu 1971 ku yunivesite ya Nairobi, n'kumaphunzitsanso konko. Mu 1977 anayambitsa Green Belt Movement, amayi akumudzi n'kumafesa mbande, mtengo ukagwira ankalandira kangachepe. Mu 2004 anapatsidwa mphoto ya mtendere ya Nobel, mayi woyamba mu Africa muno. Mfundo yawo inali yoti mikangano yambiri imayambira polimbirana malo, madzi ndi nkhuni. Si za ku Mulanje zimenezo? Ndikufuna atsikana athu aziliona dzinali popita kusukulu.

Ankolo a ku Chitakale: Mwana wa mlongo wanga, ine mayiwo sindikuwakana. Ndikukana thumba lobooka. Chaka cha mjigo chija tinasonkha khomo ndi khomo, ine ndinachita kugulitsa mbuzi ziwiri, ina ili ndi bere. Simenti inagulidwa, inde, koma inagona pakhonde la munthu mpaka kuuma gwa, ana n'kumakhalira matumbawo akamakazinga chimanga. Mjigowo uli kuti? Azakhali anu mpaka lero akutunga kumtsinje.

Msungichuma: Malisiti ndinawerenga pamsonkhano wa Disembala. Inu simunabwere.

Ankolo a ku Chitakale: Ndinali kumaliro a alamu anga ku Muloza, mukudziwa bwino. Ajambuleni muwaponye muno.

Msungichuma: Buku lija linanyowa ndi Freddy.

Ankolo a ku Chitakale: Koma Freddy ameneyu wasenza zambiri. Anatenga milatho, anatenga nyumba, kenaka anakatsegula kabati yanu n'kusankhamo buku limodzi.

Wapampando: Ulemu, abale. Tibwerere pa chipilala.

Aphunzitsi opuma: Funso langa ndi lina. Tadumpha bwanji athu n'kukafika ku Kenya? Mayi Rose Chibambo timawagwira tsiku lililonse pa K200. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anakhala m'ndende zaka pafupifupi 12, n'kutuluka mu 1993.

Mayi a ku Chisitu: Onsewo ndi a kumpoto. Kuno kulibe amayi ophunzira?

Wapampando: Za zigawo muno ayi, chonde.

Mnyamata wa kabaza: Bwanji tingokhoma chikwangwani cha thabwa la mkungudza, sichiola. Chenji tigule mapaipi a mjigo, ankolo agone tulo.

Achemwali a ku Joni: Mkungudza?! Achimwene, mayi amenewa anamenyedwa mpaka kukha magazi m'mutu mu 1999 poteteza nkhalango ya Karura. Atamwalira mu 2011 bokosi lawo silinali la matabwa, analiluka ndi namasupuni, gumbwa ndi nsungwi, kuti pasagwe mtengo chifukwa cha iwo. Ndiye ife tilembe dzina lawo pa mtengo umene watsala pang'ono kutheratu kuphiriko?

Ankolo a ku Chitakale: Apo mwalasa. Ndipo amene amatsitsa matabwa usiku kuphiriko si a ku Kenya. Ena ali muno, akuwerenga phee.

Mnyamata wa kabaza: Ine ndimanyamula anthu, ankolo.

Ankolo a ku Chitakale: Ndatchula dzina ine? Nanga wadzidzimuka chiyani?

Mlembi: Tikagwirizana, achemwali akuti titsegulire pa 3 Marichi, poti bungwe la African Union linaika tsikuli kukhala lokumbukira mayi Maathai.

Aphunzitsi opuma: Pa 3 Marichi ife timalira anthu athu amene anaphedwa mu 1959. Simungaimbe ng'oma tsiku limenelo. Komanso mbande yobzala mu Marichi, mvula ikutsazika, aithirira ndani?

Ankolo a ku Chitakale: Aithirira ndi madzi a pamjigo uja. Ine mawu anga ndi awa: ndalama ichoke m'manja mwa munthu mmodzi, ipite ku akaunti yosainira anthu atatu, mmodzi akhale mayi wa kumudzi konkuno osati wa m'tauni. Amfumu adziwe. Malisiti a mjigo atuluke, onyowa omwewo, tiwayanika. Zikatero thumba loyamba la simenti ndigula ndine, ndipo likagona kwanga.

Mayi a ku Chisitu: Kwanu kuja denga likudontha?

Msungichuma watuluka m'gulu.

Mlembi: Ndawaimbira, akuti bandulo yawathera.

Ankolo a ku Chitakale: Bandulo ikatha munthu amangokhala chete, satuluka. Achemwali, nambala ya Mukuru ija muli nayobe?