Kachitsulo ka zala za nkhuku ka mu thiranki ya agogo, ndi kachani?

NaChisale wa ku Linthipe:
Abale ndithandizeni. Timalongedza katundu wa malemu agogo ndiye pansi pa thiranki tapeza kachitsulo kopindika ngati mpani wa mbewa, ukakafinya kakumabwerera kokha, kunsonga kuli tizala ngati phazi la nkhuku, kakuda bii. Agogo aamuna anali khukhi wa mzungu pa Dedza boma nthawi ya atsamunda. Mkati mopindikamo muli tizidindo, kamkango koyenda, kanangula ndi chilembo chimodzi. Alamu anga akuti nkozulira ndevu, ana ayamba kale kupanira makala pa mbaula kkkk

Mngoni wa pa Lizulu:
Chemwali alandeni anawo msanga, nkopanira shuga kameneko! Shuga wa azungu akale sanali wamchenga ngati wathuyu, amabwera chibuma chouma gwaa nkumachiswa timiyala, kenako kunadzabwera wamakyubu, ndiye kutola ndi manja pamaso pa alendo kunali kupanda khalidwe. Tizalato ntogwirira kamtanda kasapulumuke popita mu kapu ya tiyi. Tina kunsonga timakhala ngati tisipuni, takale kwambiri ta m'ma 1700 timaoneka ngati sizasi.

Bambo a Chifundo:
Ine chandigwira mtima ndi tizidindoto. Ku Mangalande kamkango kameneko ndi umboni woti ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1000. Nangula ndi chidindo cha ofesi yoyesa siliva ya ku Birmingham yomwe inatsegulidwa mu 1773, zoseketsa poti mzindawo uli kutali ndi nyanja. Chilembocho ndi chaka koma musathamange mayi, zilembo zimabwerezedwa, chimasiyanitsa ndi kalembedwe kake ndi kabokosi kozungulira. Onaninso ngati pali mutu wa mfumu kapena mfumukazi, umenewo amadinda pakati pa 1784 ndi 1890 kusonyeza kuti msonkho walipidwa. Pakanalembedwa EPNS bwenzi tikuti nkongokutira siliva pamwamba basi.

NaChisale wa ku Linthipe:
Zikomo bambo, mutu palibe. Koma eee mayi akwecha kale mwendo umodzi ndi phulusa ati kawale ngati poto

Bambo a Chifundo:
Popanda mutu komanso ndi tizala totero kakhoza kukhala ka pambuyo pa 1890. Auzeni mayiwo asiye chonde, siliva ndi wofewa, phulusa ndi mchenga zifafaniza zidindozo. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa zakwana. Mujambule chilembocho pafupi, panja powala, tione.