Sitolo yakale pa Mchinji Boma tikufuna ikhale malo a aluso, tiyambire pati?

Wa ku Kamwendo:
Abale, pa Boma pali sitolo yakale ya zipinda zitatu ndi khonde, ndipo mwini wake wavomera lendi ya pamwezi. M'gulu mwathu muli matelala, osema ziboliboli, wolemba zikwangwani ndi anyamata ojambula nyimbo. Odziwa, tithandizeni: tichite bwanji kuti malowa asafe chaka chisanathe, komanso kuti tauni ipindulepo?

Mmisiri Wakale:
Achimwene, musanagule kanthu gawani zipinda, chifukwa ntchito zimenezi sizikondana. Fumbi la sandipepa likalowa m'makina osokera limasakanikirana ndi oyilo, makina amayamba kulemera, nsalu yoyera n'kumatuluka ndi mizere. Osema akhale kunja, pansi pa shedi ya kuseri. Wa zikwangwani apite pakhonde, thinala ndi penti zimafuna mphepo. Matelala atenge chipinda choyang'ana kumsewu, poti ndiwo amakoka anthu tsiku lililonse.

Situdiyo ndiye yovuta. Mathileyi a mazira omwe anyamata amakhoma pakhoma saletsa phokoso la kunja, amangochepetsako pang'ono kubwerera kwa mawu m'chipinda. Chofunika ndi khoma la njerwa lofika mpaka kudenga, siling'i, ndi zitseko ziwiri zotseka mipata. Popanda siling'i, mvula ikayamba pa malata mu Disembala simujambulanso kanthu. Mugwirizanenso maola: ojambula akakhala pa maikolofoni, chopukusira chizime.

Magetsi akulekanitsani mukapanda kusamala. Simbi imodzi imadya mawati oposa 1,000, pomwe kamota ka makina osokera apanyumba kali cha m'ma 100. Mukagawana mayunitsi a ESCOM mofanana, wina azilipirira mnzake. Chipinda chilichonse chikhale ndi kamita kake.

Mayi Telala:
Zoona bambo, koma funso lachiwiri lija ndiye lalikulu. Musawerengere azungu. Ambiri odutsa pa M12 kuchokera pachipata cha Mwami amangothamangira ku Lilongwe, saima. Ndalama ya tauni ino ndi ija imakwera minibasi kupita ku Lilongwe: kwaya yofuna kujambula, sukulu yofuna mabaji pa yunifolomu, mpingo wofuna matisheti, mwini golosale wofuna chikwangwani. Ntchito imeneyo ikatsala pano, wa hadiweya agulitsa penti, wa kabaza apeza wonyamula, amayi a mandasi akhala pageti. Tauni imapindula choncho.

Muziyendera nyengo. Alimi amakhala ndi ndalama akagulitsa soya, mtedza ndi fodya, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, maukwati ndi zinkhoswe zimachulukanso nthawi yomweyo. Kumapeto kwa Ogasiti anthu amadutsa pano kupita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, ndipo magulu amafuna zovala zofanana. Yunifolomu muyambe kudula mu Julayi, sukulu zisanatsegule mu Seputembala. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, ndiye lendi yake muisunge nthawi ya zokolola.

Wosema wa ku Mkanda:
Pa mitengo musachite chibwana. Mlombwa kapena m'bawa wopanda chikalata cha a zankhalango alanda pa rodibuloko, ndipo mlandu ugwera gulu lonse. Chinanso, mtengo wauwisi umang'ambika chosema chikafika kale kwa wogula. Thabwa lochindikala masentimita 2.5 limafuna pafupifupi chaka kuti liume bwino. Muwasanje pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo kumapeto mupake penti yotsala ya wa zikwangwani uja, poti mng'alu umayambira kumeneko. Amayi anenadi, ziboliboli pano siziyenda. Mipando ya ndalema, mitanda ya m'tchalitchi ndi mafulemu a zithunzi ndi zomwe zingakulipirireni lendi.

Mmisiri Wakale:
Ndionjezere za mapepala. Pangano la lendi lilembedwe, la zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo linene kuti ndalama za siling'i ndi mawaya zichotsedwa pa lendi. Mukapanda kutero, mukangokongoletsa nyumbayo mwini wake akweza mtengo kapena kulowetsa wina. Laisensi ya bizinesi mukatenge ku khonsolo. Anyamata a nyimbo akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, chifukwa nyimbo ikamaseweredwa pa wayilesi osalembetsa, ndalama yake saipeza. Ndalama za gulu zisamakhale pa foni ya munthu mmodzi. Tsegulani akaunti ya osayina atatu, ndipo chida chilichonse chogawana chikhale ndi kabuku kolembamo wotenga ndi tsiku lobweza.