Timu ya mpingo ikupemphera koma anyamata sakusintha: kochi angalere bwanji ophunzira a Yesu pagalaundi?

Mlembi wa Achinyamata, Ngabu

Moni nonse. Mpingo wathu kuno ku Ngabu uli ndi timu ya mpira wa miyendo ya anyamata 24, a zaka 13 mpaka 17, ndipo atsikana nawo ayamba kupempha yawo ya ntchemberembaye. Timapemphera poyamba ndi pomaliza, nthawi zina abusa amabwera kudzalankhula. Koma anyamata omwewo ndi amene akutukwana oyimbira, ena akubetcha, ena pa tsiku la gemu akubisa tizitsamba m'masokosi. Madzi akasefukira timu imabalalika, ndipo kuisonkhanitsanso ndi ntchito yaikulu. Amene mukuidziwa ntchitoyi tithandizeni ndi ndondomeko yeniyeni: tiyambe ndi angati, masiku ati, mphindi zingati, nanga zimene zimawononga ntchito yotere ndi ziti?

Kochi wa ku Nchalo

Achimwene, vuto loyamba lili pa chiwerengero. Munthu mmodzi angathe kuphunzitsa mpira anyamata 24, koma sangathe kulera 24. Pa Marko 3:14 Yesu anasankha khumi ndi awiri kuti azikhala naye, ndipo mwa iwo munali Petro, Yakobo ndi Yohane amene ankapita nawo kumene ena sankafika. Timu yonse izilandira mawu aafupi pagalaundi, koma atatu kapena anayi okha ndi amene muziwapatsa nthawi yanu yapadera.

Posankha musayang'ane zigoli. Womwetsa zigoli ali kale ndi anthu ambiri omutamanda, ndipo mukamutenga poyamba anzake amaona ngati Mulungu nayenso amakonda odziwa mpira. Kwa mwezi wathunthu ingoonani izi: ndani amafika msanga, ndani amatola mipira osauzidwa, ndani akakhala pabenchi amachemererabe anzake, ndani akadzudzulidwa lero amabweranso mawa. Mukawapeza, yambani mwapita kwa makolo awo, kenako muwauze anyamatawo mosabisa: tizikumana kamodzi pa sabata kwa mphindi 40, kwa miyezi 6, ndipo pambuyo pake aliyense wa inu adzatenga ana awiri a timu yaing'ono n'kuwachitira zomwezi. Ndi zimene Paulo anauza Timoteo pa 2 Timoteo 2:2. Mukapanda kunena za kupatsira ena kuyambira pachiyambi, kaguluko kamasanduka ka okondedwa a kochi, ndipo nsanje imalowa m'timu.

Mphindi 40 zija zigaweni chonchi. Mphindi 10 afotokoze mmene sabata yayendera kunyumba, kusukulu ndi pa nkhani ya ndalama. Mphindi 15 muwerenge nkhani imodzi ya mu Marko, owerenga akhale anyamatawo osati inu. Marko ali ndi mitu 16, choncho mukamatenga mutu umodzi pa sabata, n'kuchotsa masabata a maliro, mayeso ndi matenda, mumamaliza pafupifupi m'miyezi 6. Mphindi 10 aliyense atchule chinthu chimodzi chokha chimene achite sabata imeneyo, chooneka ndi maso, monga kukapepesa kwa malume ake kapena kubweza ndalama ya mnzake. Mphindi 5 zomaliza aliyense apempherere wa kudzanja lake lamanja. Sabata yotsatira muyambe ndi kufunsa za chinthu chimodzi chija. Funso limeneli likasiyidwa, mwatsala ndi kalasi chabe.

Tsopano za tsiku lokonzekera timu yonse. Kuno kuchigwa nthawi imasankhidwa ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye musayambe 4:30 madzulo isanakwane, ndipo Loweruka ndi bwino kuyamba mbandakucha. Mphindi 75 ndi zokwanira: 15 kutenthetsa thupi, 20 luso monga kupatsirana anayi kulimbana ndi awiri, 5 kumwa madzi ndi mawu, 25 kagemu kakang'ono kokhala ndi kupuma pakati, 10 kutambasula minofu ndi pemphero. Pa anyamata 24 pakhale zigubu ziwiri za malita 20 za madzi othira klorini. Mnyamata akamva chizungulire, mutu kapena mseru, mugonekeni pamthunzi, muvuleni jezi, mumuthire madzi m'thupi, ndipo ngati akutha kumwa azimwa Thanzi ORS pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosokonekera kapena kukomoka, thamangirani naye kuchipatala, musadikire. Wotentha thupi asasewere ngakhale atakhala goloboyi yekhayo, apite akayezetse malungo.

Mawu a mphindi 5 aja akhale vesi limodzi ndi funso limodzi, zochokera pa zimene zangochitika. Wina wapondedwa n'kubwezera: werengani Yakobo 1:19 ndi 20, mufunse kuti mkwiyo uja wabweretsa chiyani ku timu. Ulaliki wa mphindi 20 kwa anyamata a thukuta ndi ludzu, udzudzu utayamba kale kuluma, umangowaphunzitsa kuchoka msanga.

Mayi Mlangizi, Bangula

A Kochi afotokoza bwino, koma ndiwonjezere za chitetezo cha ana, chifukwa ntchito yabwino ngati imeneyi imatha kufa tsiku limodzi ndi mphekesera imodzi, kapena ndi choipa chenicheni.

Timu ya atsikana musaiyambe musanapeze amayi awiri okhwima maganizo amene azipezeka tsiku lililonse. Bambo angathe kuphunzitsa malamulo ndi luso la ntchemberembaye, koma kagulu ka atatu kapena anayi kaja kakhale m'manja mwa mayi, monga mmene Tito 2 akunenera kuti amayi aakulu aziphunzitsa aang'ono. Ngakhale kwa anyamata, kukumana kukhale poyera, pansi pa mtengo wa kutchalitchi kapena pakhonde pamene anthu akudutsa, osati m'nyumba ya kochi, ndipo wamkulu asatsale yekha ndi mwana mmodzi. Mauthenga a pafoni azipita kwa kholo. Kochi asapatse mwana mmodzi mphatso payekha, kaya sopo, yunitsi kapena nsapato. Zopereka zonse zizidutsa ku komiti, zilembedwe m'buku.

Mwana akakuululirani za nkhanza, musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Nkhani yogwiririra si yokambirana kwa akulu a mpingo n'kuthera pomwepo. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati wa wosakwana zaka zimenezo ndi woletsedwa. Mtsikana akajomba masiku atatu otsatizana, amayi awiri aja apite kwawo sabata yomweyo. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala kusowa zovalira pa nthawi ya kumwezi, ntchito za kudimba, kapena kuti kunyumba kwayamba kubwera anthu odzafunsira.

China n'chakuti atsikana azimaliza kukadali kowala ndipo azipita kwawo m'magulu. Ndipo teremu iliyonse muziona malipoti awo a kusukulu. Kholo likaona kuti mwana wake akulephera mayeso chifukwa cha mpira wa kutchalitchi, silidzamvanso chilichonse chimene munganene za Yesu.

Mkulu wa Mpingo, Nsanje Boma

Ndigwirizane ndi onse awiri, koma pa mawu a mphindi 5 ndisiyane pang'ono ndi a Kochi. Anyamata samaphunzira kwenikweni pa nthawi ya vesi. Amaphunzira pa tsiku limene timu ikufuna chigoli chimodzi ndipo kochi ali ndi mpata wochita chinyengo. Pali malo atatu amene ntchito imeneyi imapambanira kapena kugwera.

Oyamba ndi zaka. Mpikisano wa osapitirira zaka 17 ukabwera, pamakhala chiyeso cholowetsa mnyamata wa zaka 19 ndi dzina la mng'ono wake. Mukachita kamodzi kokha, anyamata 24 aphunzira kuti bodza ndi lololedwa bola timu ipambane, ndipo 2 Timoteo 2:5, pamene Paulo akunena za kupikisana motsata malamulo, simungaiwerengenso pamaso pawo. Lembani zaka kuchokera m'kaundula wa kusukulu, kalata yobadwira kapena chiphaso cha unzika kwa amene akwana 16, ndipo mndandandawo uwerengedwe timu yonse ikumva.

Achiwiri ndi tizitsamba mwatchulato. Musamuvule mwana masokosi pagulu. Kawirikawiri wachita chifukwa cha mantha, ndipo wamupatsa ndi wachibale kapena sapota wamkulu amene sangamukanire. Muitanireni pambali, mufunse amene wamupatsa ndi chimene akuopa. Ndi bwino kuti mpikisano usanayambe timu igwirizane poyera: ife timalowera pageti ngati aliyense, sitidumpha mpanda, sitikwirira kanthu pagolo, ndipo ena akathira zawo ife timasewera basi. Apa chenjerani ndi pemphero lenilenilo. Mukamapempherera chipambano gemu iliyonse, pemphero limasanduka mankhwala ena, ndipo tsiku limene mwagonja mnyamata amaganiza kuti mankhwala a enawo aposa Mulungu. Pemphererani kuti pasavulale munthu, kuti oyimbira aone bwino, kuti mitima ikhale pansi, ndipo tchulaninso timu inayo. Pempherani mofanana mukapambana ndi mukagonja.

Achitatu ndi ndalama za bonanza ndi zikho. Ziwerengedwe pomwepo pamaso pa kaputeni ndi msungichuma, zilembedwe, ndipo mmene zigwirire ntchito zikhale zogwirizana gemu isanachitike. Zikho zimene amaika andale mungathe kulowa, koma jezi ya timu isatenge mtundu wa chipani. Za kubetcha, kuletsa kokha sikuthandiza. Mnyamata alembe yekha kwa mwezi umodzi ndalama iliyonse imene waika ndi imene wapeza, kenako muwerengere limodzi n'kuyerekeza ndi masiku a ganyu amene anagwira kuti aipeze.

Pa chilango, tsatani Mateyu 18:15, muyambe muli awiri, poyera koma pamene ena sakumva. Wotukwana oyimbira akhale kunja gemu imodzi ngakhale ili ya fainolo, koma musamuthamangitse. Azibwerabe, azinyamula madzi, ndipo sabata yomweyo mupite kwawo. Ambiri amene amaimitsidwa n'kusiyidwa okha sabwereranso ku timu kapena kutchalitchi. Komanso ana a mipingo ina ndi a Chisilamu alandireni, makolo awo adziwe bwino kuti timu ndi ya mpingo, ndipo jezi isakhale malipiro a ubatizo.

Mphunzitsi, Makhuwira

Pa za kubalalika kwa timu. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 aonetsa kuti ndondomeko yodalira galaundi imodzi ndi kochi mmodzi siingapirire kuno. Choncho timagulu taanthu atatu tija tipangidwe motsata midzi, kuti anyamata azitha kufikana wapansi ngakhale msewu utaduka. Mu Novembala lembani dzina la aliyense, la kholo, nambala ya foni ya m'banjamo, ndi kumtunda kumene banja limathawira. Pepala limodzi likhale ndi kochi, lina ndi mlembi wa mpingo. Mipira iwiri, pampu, wezulo ndi Mabaibulo zikhale m'chidebe chotseka bwino. Kumsasa wa anthu othawa madzi ana amangokhala opanda chochita, ndipo mnyamata amene mwamulera miyezi 6 angathe kusonkhanitsa ana 10 ndi mpira wachikulunga popanda inu.

Kagulu katsopano kayambe mu Epulo madzi akaphwa, kuti miyezi 6 ithe kutentha kwakukulu kusanafike. Nthawi yothyola thonje ndi ya mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE chepetsani masiku a mpira koma musasiye kukumana kwa mphindi 40. Ndipo nenani mobwerezabwereza kuti akamaliza kusewera asakasambe mu Shire kapena m'madambo ake. Ng'ona zimagwira anthu kwambiri madzulo, nthawi yomwe iwo akufuna kuziziritsa thupi.

Mlembi wa Achinyamata, Ngabu

Takhuta nonse, tapeza poyambira. Funso limodzi kwa a Kochi: nanga mmodzi mwa atatuwo akasankhidwa ku sekondale yogonera, kapena akapita kukafuna ntchito ku Blantyre miyezi 6 isanathe?

Kochi wa ku Nchalo

Zimenezo zichitika ndithu, ndiye konzekeranitu. Asananyamuke abusa amulembere kalata yopita ku mpingo wa kumene akupitako, ndipo mupeze dzina la munthu mmodzi wamkulu kumeneko amene amulandire. Mulembereni papepala mitu ya Marko imene yatsala. Ngati ali kusukulu, muzikumana naye pa holide iliyonse n'kupitiriza pamene munalekezera, ndipo ngati ali kuntchito muzimuimbira kamodzi pa mwezi n'kufunsa funso lomwe lija la chinthu chimodzi. Malo ake m'kagulu musalowetsepo wina pakatikati, chifukwa otsalawo amasiya kumasuka pakabwera watsopano. Malizani ndi awiriwo, wachinayi amene munamuona poyamba adikire Epulo wotsatira.