Ndili ndi Loweruka limodzi ku Oslo, ndikaone myuziyamu ya Fram?

wa_ku_Chelstone:
Muli bwanji nonse. A kuntchito akunditumiza ku Oslo mu Novembala, msonkhano wa masiku anayi, ndiye Loweruka ndidzakhala ndilibe zochita ndisanabwerere kuno ku Lusaka. Mwana wanga wa giredi 7 wandikakamira kuti ndikaone myuziyamu ya Fram, akuti muli sitima yeniyeni imene inapita ku Antarctica ndipo ndikamujambulire. Alipo anafikako? Ndi ya kupitadi kapena mumangokhala zithunzi pakhoma? Komanso ndivale chani, ine kuzizira kumene ndimadziwa ndi kwa mu Juni basi.

amake_mapasa:
Pitani achimwene, musaganizenso kawiri!! Ine ndinafikako, ili ku Bygdøy, mumakwera basi nambala 30. Sitimayo ili mkati mwa nyumba yonse yathunthu ndipo amakulolani kukwera ndi kutsika mpaka kunsi, tizipinda togona ting'onoting'ono moti ukatambasula manja wakhudza makoma, fungo la phula ndi matabwa akale likadalimo. Chimene chinandigwira mtima ndi pansi pake, ndi pobulungira ngati mbale, anaipanga dala choncho mu 1892 kuti madzi oundana akamaipanikiza izingokwera pamwamba osaphwanyika. Nansen, wofufuza malo wa ku Norway, anailola dala kuti igwidwe mu ayezi kuyambira 1893 mpaka 1896 ndipo inatuluka yamoyo. Za zovala gulani jekete yolemera ku salaula, magolovesi ndi chipewa chophimba makutu, ndipo mupite mmawa chifukwa ikamakwana 16 hours kunja kwada kale.

mphunzitsi_Matero:
Zonse anena amake mapasa ndi zoona koma ine pempho langa ndi limodzi, musakathere nthawi yonse pa Fram. Pambali pali sitima ina yaing'ono, Gjøa, imene Amundsen, wofufuza malo amene pambuyo pake anapita ndi Fram ku Antarctica, anadutsa nayo Northwest Passage, njira ya panyanja ya kumpoto kwa Canada, pakati pa 1903 ndi 1906. Pa ulendo umenewo anakhala nyengo ziwiri zozizira pamalo amene lero amatchedwa Gjoa Haven ndipo ndi a Inuit, eni dziko a kumeneko, amene anamuonetsa kavalidwe ka zikopa za caribou (nyama yonga gwape) zosathina kuti thukuta lisaundane pathupi, kamangidwe ka nyumba za chipale, ndi kayendetsedwe ka agalu okoka katundu. Ndiye mukamva kuti anafika ku South Pole pa 14 Disembala 1911 ndipo iye ndi anzake anayi onse anabwerera amoyo, pamene Scott wa ku Britain amene anadalira kwambiri mahatchi ndi anthu kukoka okha katundu anafika pa 17 Januwale 1912 n'kumwalira pobwerera ndi anzake anayi, dziwani kuti nzeru zambiri anazitenga kwa eni dziko la ayezi. Zimandiwawa kuti ana timawaphunzitsa dzina la mzungu lokha. Ngakhale kwathu kuno, Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873 ndi antchito ake Susi ndi Chuma ndi anzawo amene ananyamula thupi lake mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ku Tanzania, koma funsani mkalasi muone angati akuwadziwa.

wa_ku_Chelstone:
Aphunzitsi zikomo kwambiri, za a Inuit sindimazidziwa mpang'ono pomwe, ndamuwerengera mwana ndipo wayamba kale kufunsa kuti zikopazo ankasoka ndi chani. Ndikayambira ku Gjøa ndiye. Amake mapasa, jekete ija ndikaifune ku msika wa Soweto kapena mukudziwa pena pabwino?